Magalasi oiwalitsa ululu potsuka chilonda

Amene anadikirirapo mwana wopsa ndi moto m'chipatala amadziwa kuti nthawi yowawitsa mtima kwambiri ndi yotsuka chilonda. Mwana amayamba kulira akangoona namwino akuvala magolovesi, asanamukhudze n'komwe. Kuno ku Mangochi ana otere timawaona kawirikawiri, ena atagwera pamoto wowotha mu June ndi July, ena atakhuthukiridwa ndi phala.

Kulira koyambirirako si kupusa ayi. Uthenga wa ululu umachoka pachilonda, kudutsa m'mitsempha ya msana mpaka ku ubongo, ndipo panjirapo ukhoza kukula kapena kuchepa. Akatswiri ofufuza za ululu, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza zimenezi mu 1965. Mantha amaukuza. Maganizo akatanganidwa kwina, umafika wofooka.

Apa ndi pamene panayambira magalasi a VR, amene amaphimba maso onse n'kukuonetsa dziko la pakompyuta ngati uli momwemo. M'zaka za m'ma 1990, Hunter Hoffman ndi David Patterson a ku University of Washington, mumzinda wa Seattle ku America, anayamba kuwaveka odwala opsa ndi moto. Masewera awo, SnowWorld, amamutengera wodwala kuchigwa cha madzi oundana, komwe amagenda zinthu zoyendayenda. Anasankha dala kuzizira, chifukwa munthu wopsa safuna chomukumbutsa moto. Odwala ankanena kuti ululu wachepa, komanso kuti sankauganizira kwambiri, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti mbali zomva ululu zinkagwira ntchito mochepa. Masiku ano zipatala zina zimawagwiritsanso ntchito pobaya jakisoni ndi potenga magazi.

Koma ndinene mosabisa: magalasiwa salowa m'malo mwa mankhwala. Chilonda chachikulu chimafuna mankhwala opha ululu tisanachitsuke, ndipo mlezi ali ndi ufulu wowafunsa. Ena akawavala amachita chizungulire ndi mseru. Wopsa kumaso sangawavale. Wodwala khunyu ayenera kusamala nawo, pamene tikudziwa kuti ambiri ogwera pamoto ndi a khunyu omwewo. Magalasiwa amafunanso kutchaja, ndi kupukutidwa bwino asanavale wina. Mtengo wake nawo si wamasewera.

Chondisangalatsa ine n'chakuti mfundo yake sitigula. Chimene chimathandiza ndi kuti mwana azichita kanthu, osati kungoyang'ana. Masewera a pafoni amene akudina yekha amamugwira maganizo kuposa kanema wongoonera. Foni palibe? Muyimbitseni nyimbo yoti azivomera, mufunseni zilapi, kapena atchule nsomba za m'nyanja yathu, chambo, usipa, kampango, utaka, mpaka zimuthere. Yambani namwino asanayambe, ndipo mumutembenuze nkhope asaone chilondacho.

Chonde amayi ndi abambo, musamunamize kuti sizipweteka, pakuti mawa sadzakukhulupirirani. Muuzeni kuti ziwawa kwa kanthawi ndipo inu simuchoka. Kunyumba nakonso lekani kuopseza ana kuti "ukavuta adokotala akubaya jakisoni", chifukwa mwana woteroyo amafika kwa ife atayamba kale kunjenjemera.