Kutsokomola kosatha pamene TB sakuipeza: matenda a tinjira ta mpweya m'mapapo

Mpweya ukalowa m'mapapo umadutsa m'njira zomwe zimagawikana ngati nthambi za mtengo, mpaka kufika pa tinjira tosakwana mamilimita 2 m'lifupi. Pali matenda omwe amayambira pa tinjira timeneti n'kufalikira ku mnofu wa mapapo wozungulira. Munthu amatsokomola chifuwa chouma kwa miyezi, amachita befu akakwera kamtunda, ndipo makhololo akapimidwa ndi makina opimira TB otchedwa GeneXpert, TB sipezeka. Si matenda opatsirana.

Madokotala amawagawa potengera chomwe chawononga tinjirato, chifukwa chithandizo chake chimadalira pamenepo.

Mtundu womwe tikufuna anthu a ku Mangochi audziwe bwino ndi hypersensitivity pneumonitis. Apa chitetezo cha m'thupi chimalimbana mopyola muyezo ndi fumbi lomwe munthu amapuma kawirikawiri: la zitosi ndi nthenga za nkhunda kapena nkhuku, ndi la chimanga, mpunga kapena udzu wochita chuku. Chizindikiro chake ndi nthawi. Mwasesa khola m'mawa kapena mwatulutsa chimanga m'nkhokwe yonyowa, ndiye pakadutsa maola 4 mpaka 8 thupi latentha, mukunjenjemera, chifuwa chathina. Ambiri amayesa malungo. Mukachoka pakhomo masiku angapo mumapezako bwino, mukabwerera zayambiranso. Zikapitirira zaka, m'mapapo mumachita zipsera, ndipo zipsera sizichoka.

Mtundu wina ndi wa osuta fodya, respiratory bronchiolitis, womwe nthawi zambiri umachepa munthu akasiya kusuta. Utsi wa nkhuni nawo umawononga tinjira tomweti, makamaka kwa amayi owamba nsomba m'madoko ndi ophikira m'khitchini yopanda zenera.

Wovuta kwambiri ndi obliterative bronchiolitis, pomwe tinjira timatsekeka ndi zipsera. Umabwera mwana akadwala chibayo choopsa kapena chikuku, komanso umaoneka mwa achinyamata omwe anabadwa ndi HIV n'kuchedwa kuyamba ma ARV. Kunyumba amangoti ndi mphumu, koma mankhwala opopera a mphumu sathandiza kwenikweni. Pali wina, follicular bronchiolitis, woyendera limodzi ndi nyamakazi yotupitsa mfundo za zala.

Chifuwa chikafika masabata awiri, pitani kuchipatala mukapimitse TB ndi HIV kaye. Akapanda kuipeza TB koma simukuchira, bwererani, musangogula maantibayotiki pagolosale. Uzani dokotala zomwe mumaweta, pomwe mumasunga chimanga, ntchito yanu, ndi nthawi yomwe kubanika kumayamba. Mawu amenewa amathandiza kuposa X-ray, yomwe ingaoneke yabwinobwino ngakhale tinjira tawonongeka. Matendawa amaoneka bwino ndi spirometry, pomwe mumauzira m'chipangizo ndi mphamvu zanu zonse, komanso sikani ya CT, yomwe imajambula m'kati mwa mapapo mwatsatanetsatane. Chipatala cha boma cha Mangochi chingakutumizeni ku chipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre.

Pa mtundu wa fumbi uja, mankhwala oyamba ndi kutalikirana nalo. Khola lichoke pafupi ndi chipinda chogona, ndipo wodwala asamasese kholalo, azisesa munthu wina. Wosesayo awaze madzi kaye. Chimanga chiume bwino musanachisunge. Kansalu kumphuno sikatchinga fumbi losalala chotere. Dokotala angapereke mankhwala a prednisolone kuti kutupa kuchepe, koma musamwe mwa inu nokha: mankhwalawa amachepetsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ngati muli ndi TB yobisika imakula msanga. Milomo ikayamba kuda kapena mukabanika muli chikhalire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.