Imelo ikamabwerera, musathamangire kunena netiweki

Kutatsala sabata imodzi kuti mwambo wa Nc'wala uchitike ku Mtenguleni, mayi wina woyang'anira malo ogona alendo kuno ku Chipata anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. "Achimwene, alendo a ku Lusaka akuti sitikuwayankha, pomwe ine ndayankha aliyense. Netiweki yanuyi yatipha!" Nditafika ndinawapempha kuti anditsegulire makalata obwerera aja, amene ambiri amangofufuta osawerenga chifukwa Chingerezi chake n'chozunguza mutu. M'katimo munali nambala 550, yosonyeza kuti kalata yakanidwa, ndi dzina loti Spamhaus. Netiweki inalibe mlandu. Seva yawo inali italembedwa pa blacklist, kaundula wa maseva oganiziridwa kuti amatumiza spam.

Imelo iliyonse imanyamukira pa kompyuta yotchedwa seva, ndipo seva iliyonse ili ndi nambala yake, adiresi ya IP. Seva yolandira isanaone n'komwe zimene mwalemba, imayamba yafunsa ngati nambalayo ili m'kaundula wa otumiza spam, makalata achinyengo ndi otsatsa malonda amene palibe anawapempha. Kaundula wotchuka ndi wa Spamhaus, bungwe limene Steve Linford anayambitsa mu 1998. Palinso wa SpamCop ndi wa Barracuda. Mabungwewa satsekereza kalata ya munthu, amangolemba nambala. Wotseka chitseko ndi wolandirayo. Gmail ndi Outlook amasunganso mbiri yawoyawo ya seva iliyonse, ndipo iwo nthawi zina sabweza n'komwe kalata, amangoiponya m'foda ya spam mwakachetechete.

Chowawa n'chakuti cholembedwa ndi nambala, osati munthu. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amachita lendi malo pa seva yotchipa imene ili ndi makampani ena ambirimbiri, onse pa nambala imodzi. Zili ngati basi ya ku Lusaka yogwidwa pa rodibuloko chifukwa cha chikwama cha munthu mmodzi: nonse mutsika, nonse muchedwa. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Ndiye mukhoza kukhala wosalakwa, koma musafulumire kudziyeretsa.

Kwa mayi aja, nsomba yoolayo inali m'dengu mwawo momwe. Pasiwedi ya imelo ya polandirira alendo inali dzina la malowo ndi 123 kumapeto. Akuba a pa intaneti anailota mosavuta, ndipo usiku uliwonse, anthu ali m'tulo, ankatumiza makalata zikwizikwi olonjeza ngongole zabodza kudzera pa akauntiyo. Ena mwa makalatawo ayenera kuti anagwera m'misampha, ma adiresi amene osunga kaundula amatchera dala, opanda mwini wake. Wolembera ku adiresi yotero wadziulula yekha. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi ogula mndandanda wa ma imelo kuti atsatse mbewu kapena feteleza. Mumagula ndi misampha yomwe.

Ambiri akamva zimenezi amathamangira kupempha kuti awachotse pa kaundula. Dikirani kaye. Mukachotsedwa mpopi ukadali kudontha, mubwereramo posachedwa, ndipo ulendo wachiwiri sakumverani msanga. Ife tinayamba tasintha mapasiwedi onse, tinafufuta makalata amene anali pamzere kudikira kunyamuka, n'kusesa kompyuta ya polandirira alendo. Kenako ndiye tinalemba pempho. Kufufuza ngati nambala yanu yalembedwa n'kwaulere pa webusaiti ya MXToolbox, ndipo Spamhaus salipiritsa kuti akuchotseni. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akuchotsereni dzina kumeneko, ameneyo ndi tsizinamtole.

Pali china chimene chinasintha. Kuyambira February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo: wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata 5,000 kapena kuposa patsiku ku Gmail akhale ndi zonse ziwiri komanso DMARC. Mayina ake ndi oopsa koma nkhani yake ndi yapafupi. SPF ndi chikalata chonena maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu, DKIM ndi chidindo chosonyeza kuti kalata sinasinthidwe m'njira, DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata yolephera mayesowa. Google imafunanso kuti odandaula kuti makalata anu ndi spam asafike 0.3 peresenti, kutanthauza anthu 3 pa 1,000 alionse. Funsani amene anakukonzerani webusaiti ngati zitatuzi anaziika, ndipo akuonetseni, asangoti "zili bwino".

Za kuika seva yanuyanu ya imelo mu ofesi, pa rauta ya simu khadi, iwalani. Manambala a malaini otere amakhala atalembedwa kale m'kaundula wina wa Spamhaus wotchedwa PBL, osati chifukwa alakwa, koma chifukwa sayenera kutumiza imelo mwachindunji.

Mayi aja makalata awo anayambanso kufika mwambo usanachitike, ngakhale alendo ena anali atapeza kale pogona kwina. Pasiwedi yatsopanoyo ndinaipeza mwezi wotsatira italembedwa pakapepala, atamata pagalasi la kompyuta, moyang'anana ndi khomo.