Chipilala cha Hattie McDaniel chopanda mtembo pansi pake

Ku manda a Hollywood Forever, mu mzinda wa Los Angeles, kuli chipilala cholembedwa dzina la Hattie McDaniel, mayi wachikuda yemwe anali katswiri wa mafilimu ku America. Pansi pake palibe munthu. Mafupa ake ali ku manda ena a mu mzinda womwewo, a Angelus-Rosedale.

Hattie anabadwa mu 1893 ku Wichita, Kansas, chitsirizira m'banja la ana 13. Makolo ake onse awiri anali atakhalapo akapolo. Anakulira ku Denver, akuimba m'magulu oyendayenda ndi pa wailesi. Chuma cha America chitagwa mu 1929, anapeza ntchito yosamalira zimbudzi pa malo ena achisangalalo ku Milwaukee, mpaka eni malowo atamva mawu ake n'kumupatsa mpata woimba. Mu 1931 anapita ku Los Angeles.

Kumeneko mkazi wachikuda kawirikawiri ankapatsidwa gawo limodzi lokha m'mafilimu: wantchito wa m'nyumba ya azungu. Hattie analisewera kambirimbiri. Mu 1939 anasewera Mammy mu filimu ya Gone with the Wind. Itaonetsedwa koyamba ku Atlanta pa 15 Disembala, iye kunalibe, chifukwa malamulo a tsankho a ku Georgia, dera lomwe kuli mzindawo, sankalola wakuda kukhala pamodzi ndi azungu m'nyumba yoonetseramo filimu. Pa 29 Febuluwale 1940 analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, wakuda woyamba kuilandira. Mwambowo unachitikira ku hotela ya Ambassador, yomwe sinkalandira anthu akuda. Anachita kumupemphera chilolezo, ndipo atalowa anamukhazika pa katebulo ka kukhoma, kutali ndi anzake omwe anasewera nawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti akwawo nawonso anamuukira. Walter White, mtsogoleri wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, ankadzudzula magawo oterewa kuti akunyozetsa mtundu. Sankalakwa: Mammy ndi kapolo wooneka wokhutira ndi ukapolo wake, ndipo limenelo ndi bodza. Koma amene ankalemba magawowo ndi kulemba anthu ntchito sanali Hattie. Akuti iye ankayankha kuti bola kulandira madola 700 pa sabata posewera ngati wantchito kusiyana ndi madola 7 pokhaladi wantchito. Ankanena zimene anazidziwa ndi manja ake, poti ntchito za m'nyumbazo anazigwirapo. Ndipo sanali munthu wongogonja. Mu 1945 azungu ena a ku West Adams, dera la mu Los Angeles, atafuna kuthamangitsa anthu akuda omwe anagula nyumba m'deralo, Hattie anali m'gulu la omwe analimbana nawo kukhoti, ndipo anapambana.

Anamwalira ndi khansa ya m'mawere pa 26 Okutobala 1952. Anali atasiya mawu kuti akagone ku Hollywood Cemetery, manda omwe lero amatchedwa Hollywood Forever, komwe kunagona akatswiri anzake ngati Rudolph Valentino. Mwini mandawo, Jules Roth, anakana: manda a azungu okha. Tonse tikudziwa kulemera kwa mawu a munthu womwalira, koma awa anangoponyedwa kumbali. Anamuika ku Rosedale, malo omwe iye anatchula achiwiri.

Mu 1999 mwini watsopano wa mandawo, Tyler Cassity, anapempha kuti afukule mafupawo awasamutse. Achibale anakana kusokoneza munthu yemwe anagona zaka 47. Anavomera chipilala chokha, ndipo chinaimikidwa chaka chomwecho, m'mbali mwa kanyanja ka m'mandamo.