Chimfine cha Anthu ndi Chimfine cha Mbalame: Uthenga kwa Mabanja a m'Chigawo cha Tete

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga kumazizira kwambiri. Timatseka mawindo, ana amagona mothithikana, ndipo mmodzi akayamba kutsokomola, sabata isanathe nyumba yonse yadwala. Ambiri timati ndi mphepo, koma chimene chimayambitsa chimfine ndi kachilombo ka vayirasi, kamene kamayenda m'timadontho ta malovu ndi mamina munthu akatsokomola kapena kuyetsemula, komanso pa manja osasamba.

Chimfine chenicheni chimabwera mwadzidzidzi, patatha tsiku 1 mpaka masiku 4 munthu atatenga kachilomboko. Thupi limatentha ndi kuphwanya, mutu umawawa, pakhosi pamapweteka, chifuwa chimakhala chouma. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, choncho thupi likatentha pitani kuchipatala akayeze magazi musanagule mankhwala alionse pamsika.

Ambiri amachira pa sabata imodzi. Wodwala apume, amwe madzi ambiri, adye phala, ndipo amwe paracetamol mwa muyezo wake. Ana musawapatse aspirin. Amoxicillin sapha vayirasi. Amwedwe pokhapokha achipatala atapeza matenda ena monga chibayo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Komabe chimfine si matenda opeputsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira nacho. Amene chimawapweteka kwambiri ndi ana osakwana zaka 5, amayi apakati, agogo, ndi amene ali ndi HIV, TB, shuga, mphumu kapena matenda a mtima. Awa asadikire kunyumba. Mwana muvuleni malaya, muyang'ane pachifuwa: ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, akupuma mofulumira, akukana bere, akukomoka kapena akungogona osadzuka bwino, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Nkhani imene ikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ya nkhuku. Kwathu kuno nkhuku zikayamba kufa timangoti ndi chitopa. Bambo amathamangira mpeni kuti nyama isawonongeke, mwana amatumidwa kukasosola nthenga kuseri kwa nyumba, zotsala amazimanga miyendo n'kuzikweza panjinga kupita nazo kumsika ku Ulongwe kapena kumalire a Zóbuè zisanafe. Tikumvetsa: nkhuku ndiyo ndalama ya sopo ndi makope a ana. Vuto lake n'lakuti chitopa ndi chimfine cha mbalame sizisiyanitsika ndi maso. Zonse ziwiri zimapha nkhuku zambiri pa masiku ochepa, mutu utatupa, zikupuma movutika ndi kutsegula m'mimba. Chitopa sichidwalitsa munthu kwenikweni, pamene chimfine cha mbalame chingathe kupha.

Mtundu wa chimfine cha mbalame wotchedwa H5N1 unapezeka koyamba mwa anthu ku Hong Kong mu 1997, ndipo kuchokera mu 2003, pafupifupi theka la anthu amene anatsimikizika kuti adwala mtunduwu anamwalira. Matenda a chimfine cha mbalame, amene ali ndi mitundu ingapo, sali kutali nafe. Mu 2023 anapha nkhuku zochuluka ku South Africa, ndipo chaka chomwecho anapezekanso m'dziko muno, m'boma la Morrumbene ku Inhambane. Safala kawirikawiri kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake. Munthu amawatenga pogwira mbalame yodwala kapena yakufa, pozinga, pososola, ndi posesa zitosi zouma n'kupuma fumbi lake. Abakha ndi mbalame za m'madambo nthawi zina zimanyamula kachilomboka zikuoneka zabwinobwino.

Nkhuku zikamafa motsatizana, musadye, musagulitse, musapatse agalu kapena nkhumba. Dziwitsani amfumu ndi alangizi a ziweto a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, tsiku lomwelo. Pochotsa zakufa valani mapepala apulasitiki m'manja, mangani nsalu pamphuno ndi pakamwa, kwirirani m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kenako sambani ndi sopo. Ana asayandikire. Nkhuku zisagone m'nyumba yogona anthu, ndipo yogula kumene ikhale payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zinzake. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso pitirizani kupereka, koma dziwani kuti sateteza ku chimfine cha mbalame. Nyama ya nkhuku yathanzi ipse mpaka pafupa pasaoneke magazi, ndipo dzira lilimbe mpaka m'kati.

Ngati wina m'banja watentha thupi, akutsokomola kapena maso afiira pasanathe masiku 10 chigwirireni nkhuku zodwala, apite kuchipatala msanga ataphimba pakamwa ndi pamphuno. Mankhwala a oseltamivir amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyamba. Mukafika musangoti "ndikudwala chimfine". Auzeni anamwino kuti nkhuku zafa zingati, zinayamba liti, ndipo ndani anazigwira.