Gain Yochuluka Siipatsa Gitala Mphamvu

Kwa zaka zambiri oimba gitala m'nyimbo za hard rock akhala akukhulupirira kuti kulira kwaukali kumabwera pokhapokha gain (mlingo wokulitsira mawu ochokera ku gitala) ya ampulifaya (makina okuzira mawu) ikakwezedwa mpaka kumapeto. Zimenezi si zoona. Gain ikachuluka mawu amapanikizika, kotero kuti kukhudza chingwe pang'ono ndi kuchimenya mwamphamvu kumamveka chimodzimodzi, ndipo zingwe zikalizidwa pamodzi mawu ake amasanduka phala.

Malcolm Young wa gulu la AC/DC ankaimba gitala ya Gretsch kudzera mu ampulifaya ya Marshall, ndipo womvetsera gitala yakeyo payokha amadabwa kuti mawu ake sanali osasa kwenikweni; ukali unkachokera m'dzanja lake lamanja, m'zingwe zokhuthala ndi m'voliyumu. Ma ampulifaya a Marshall Super Lead a m'ma 1960 analibe n'komwe master volume (batani lapadera lolamulira kukula kwa mawu otuluka), motero mawu ankayamba kusasa pokhapokha ma valve (timababu tokuza mawu mkati mwa ampulifaya) akakakamizidwa ndi voliyumu yaikulu.

Kutsitsa mid (mawu apakati pa ampulifaya, pakati pa mawu okhuthala ndi opyapyala) nakonso kumanyenga. Woimba ali yekha m'chipinda zimamukomera, koma ng'oma ndi besi zikalowa gitala imamira, chifukwa mawu ake enieni amakhala pakatipo.