Kuganiza kwambiri ndi matenda: pitani kuchipatala, mukafotokoze zonse

Pa zipatala za mumzinda wa Blantyre, monga ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe ndi Chilomoni, pamafika anthu odandaula mutu wosamva mankhwala, kuphwanya kwa thupi, kuthamanga kwa mtima ndi kusowa tulo. Akayezedwa malungo sapezeka nawo, BP nayo imakhala ili bwino, ndipo amabwerera kunyumba ndi panado, koma sipatenga nthawi asanabwerenso ndi dandaulo lomwe lija. Ena mwa anthu amenewa chikuwadwalitsa ndi nkhawa kapena matenda okhumudwa, amene ambiri timangowatchula kuti kuganiza kwambiri, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti akalowa kwa dokotala amafotokoza za mutu wokha, za mumtima n'kuzisiya panja.

Munthu aliyense amakhumudwa, makamaka pa maliro kapena pamene zinthu zavuta pakhomo. Kukhumudwa kumasanduka matenda pamene kwakhalitsa sabata ziwiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lonse, mpaka munthu kusiya kukondwera ndi zimene ankazikonda. Mayi amene ankalawirira kukapikula tomato amayamba kugona mpaka dzuwa kukwera, nsima osaifuna, kwaya osapitako, ndipo mumtima amadziona wachabechabe. Bambo amadzidzimuka pakati pa usiku n'kukhala maso mpaka kucha, kuntchito maganizo osakhazikika, ana akamulankhula iye n'kumangokalipa. Matenda a nkhawa amamusowetsa munthu mtendere kwa miyezi: amangoyembekezera choipa, amanjenjemera, amatuluka thukuta, ndipo ena amabanika mwadzidzidzi ali mu minibasi mpaka kuganiza kuti akufa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda okhumudwa, ndipo 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Zoyambitsa zake timaziona tokha: ngongole za katapila, kutha kwa ntchito, nkhanza za m'banja, matenda okhalitsa monga HIV ndi shuga, komanso nyengo imene mayi wangobereka kumene. Alipo anthu ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phiri la Soche amene, chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sagona mvula ikayamba kugunda pamalata. Nthawi zina matendawa amabwera popanda chifukwa chooneka. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Wopemphera apitirize kupemphera, koma apitenso kuchipatala, monga amachitira akadwala chibayo. Amuna ambiri akuvutika mwakachetechete chifukwa cha mawu akuti mwamuna salira, ndipo ena amathawira ku kachasu kapena chamba, zimene zimangokulitsa vutolo.

Ambiri amaopa kuti akaulula adzatchedwa amisala n'kutumizidwa ku Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chimagoneka odwala kwambiri amene akufunika kuyang'aniridwa usana ndi usiku, koma ochuluka mwa odwala nkhawa ndi kukhumudwa amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, mutatenga buku lanu lakuchipatala. Dokotala kapena namwino akakufunsani, musathere pa mutu ndi msana, koma munene mosabisa kuti, "Ndikuganiza kwambiri, sindikugona, ndipo palibe chikundisangalatsa." Ngati vuto lanu likufuna akatswiri, adzakutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu, komwe kuli kiliniki ya matenda a maganizo. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, ndipo achipatala ali ndi udindo wokusungirani chinsinsi.

Thandizo lake ndi uphungu, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Pa uphungu mumakhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyi, amene amakuthandizani kusanthula mavuto anu limodzilimodzi ndi kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito zimene munazisiya. Mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine sagwira ntchito ngati panado: pamatenga sabata ziwiri mpaka zinayi, mwinanso kuposerapo, kuti muyambe kuona kusintha, ndipo masiku oyambirira ena amauma kukamwa, amamva tulo kapena nseru. Apa ndi pamene ambiri amatayira mtima n'kuwasiya, ndipo kutero n'kulakwitsa. Ngakhale mutayamba kupeza bwino, mankhwalawa amamwedwabe kwa miyezi ingapo kuti matenda asabwererenso, ndipo wokuuzani nthawi yosiyira ndi dokotala. Muwauze achipatala ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa kapena mukumwa ma ARV, ndipo musagule nokha mapilitsi ogonetsa, chifukwa ena thupi limawazolowera msanga.

Ngati mukuganiza zodzipha, kapena m'bale wanu wayamba kunena kuti kuli bwino angofa, musadikire tsiku la kiliniki. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zochotsa moyo wake, pakuti kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamumasula kuti alankhule. Musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu, mapilitsi ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Gulupu, mbali yolandira odwala mwadzidzidzi imakhala yotsegula usana ndi usiku.