Timizere tiwiri sitikuuzani komwe mimba yakhala, amayi

Amayi anzanga, masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pachuluka anthu ogulitsa tizipangizo toyezera mahomoni pakhomo, ena akuti kakuuzani ngati mungabereke, ena akuti kakuuzani ngati mwasiya kusamba, ndipo kuchipatala kuno tikulandira amayi ofika mochedwa atasunga timitengo ta timizere m'chikwama ngati ndi zotsatira za ku labu. Nde ndati ndilembeko.

Tizipangizoti n'tosiyana. Koyezera mimba kamafufuza hCG, homoni yomwe thupi limapanga mukaima, mu mkodzo, ndipo n'kodalirika ngati mwayeza tsiku la msambo litadutsa, ndi mkodzo wa m'mawa, nkuwerenga pa mphindi zomwe zalembedwa pa kapepala kake. Mukakasiya pawindo nkudzayang'ana madzulo kamzere kotuwa kamatha kuoneka poti mkodzo wauma, imeneyo si mimba ayi. Koyezera LH, homoni yomwe imakwera dzira likatsala pang'ono kukhwima nkutuluka, kamasonyeza kuti dzira likhoza kutuluka pa maola 24 mpaka 36 akubwera, koma amayi omwe ali ndi PCOS (vuto la mahomoni lomwe limasokoneza msambo ndi kutuluka kwa dzira) LH yawo imatha kukhala yokwera nthawi zambiri nde kamangovomera tsiku ndi tsiku. FSH, homoni yomwe amayeza pofuna kudziwa ngati mukusiya kusamba, ndiye imakwera nkutsika mwezi ndi mwezi, kuyeza kamodzi sikunena kanthu. Ngati muli pa jakisoni wa Depo kapena mapilitsi olera, musataye ndalama pa ka LH kapena ka FSH, mankhwalawo amasokoneza zotsatira. Pogula pitani ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, onani deti yothera mphamvu, paketi isakhale yobooka kapena yoti yaswera padzuwa pa benchi ya mumsika.

Koma chomwe chikundisowetsa tulo si zimenezi.

Timizere tiwiri timangonena kuti mimba ilipo basi. Mimba imatha kumera mu chubu chomwe dzira limadutsamo, kunja kwa chiberekero, kachipangizo nkuonetsabe timizere tiwiri bwinobwino. Mayi wasangalala, wabisa poti paja mimba saulula isanaoneke, kenako akuyamba kumva kulasa mbali imodzi ya pachinena, timagazi takuda pang'onopang'ono, iye nkumati ndi mmene mimba yaing'ono imachitira, wamwa panado wagona. Wina amagula kachipangizo kena nkuyezanso kuti aone ngati mimba ikadalipo, timizere tiwiri tatulukanso, mtima pansi. Chubu chikaphulika magazi amatayikira mkati mwa m'mimba osaoneka kunja, amatipeza ali mbuu, zikhatho zoyera, thukuta lozizira, BP itatsika, abale akuthamangathamanga kusaka magazi ife tikuthamangira ku fiyeta. Ena amathera panjira.

Nde chonde, ngati mwadumpha msambo kapena mwaona timizere tiwiri, kenako pachinena pakupweteka makamaka mbali imodzi, mukutaya magazi ngakhale ochepa, mukumva chizungulire, kapena phewa likupweteka popanda chifukwa, pitani kuchipatala lero lomwe ngakhale usiku. Osadikira kuti abambo abwere ku ntchito, osadikira mwezi wachitatu kuti muyambe sikelo. Ndi sikani yokha yomwe ingaone komwe mimba yakhala.

Kwa inu amene mukusaka mwana, ndikudziwa kuti apongozi akuyankhula, koma kugula timitengo ta LH mwezi uliwonse kwa zaka zitatu si chithandizo. Chaka chikatha mukukhala limodzi osalera mimba osabwera, bwerani. Ngati mwadutsa zaka 35, miyezi 6 yakwana. Machubu otsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana palibe kachipangizo ka mkodzo kangaone, mahomoni amakhala ali bwinobwino njira itatsekeka. Ndipo mubwere ndi abambo akunyumba adzayezetse umuna, vuto limakhalanso kwa iwo kawirikawiri, si mayi yekha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumanapo ndi vuto la kusabereka pa moyo wake, simuli nokha.

Agogo ndi amayi akuluakulu, ngati munasiya kusamba chaka chinatha kenako mwaonanso magazi, musagule ka FSH nkumati msambo wabwerera. Kayezetseni khomo la chiberekero sabata yomweyi.

Ndibwerezenso poti ndimatopa nazo: timizere tiwiri, kupweteka mbali imodzi, magazi, imeneyo ndi nkhani ya njinga yamoto usiku womwewo, ndipo mukafika nenani pakhomo pomwepo kuti mwadumpha msambo, musakhale pa mzere.